Makeyala a M'mphepete mwa Tsamba

Dzina lawo lenileni linali pachiphaso ndi pakhadi la kuchipatala basi. Kwina konse, kutchalitchi, mumsewu, ngakhale pakamwa pa malemu akazi awo, anali a Keyala.

Dzinali analitola kupositi ofesi, kumene anagwira ntchito yosankha makalata zaka makumi atatu ndi zinayi. Chipinda chosankhiramo chinali kuseri kwa kauntala, ndipo khoma lake lonse linali timabokosi tamatabwa, kalikonse ndi dzina la dera lake. M'mawa galimoto inkatula matumba, iwo n'kudula chingwe, kukhuthulira makalata patebulo lalitali, n'kuyamba kuponya. Ankaponya osayang'ana khoma, dzanja linkadziwa lokha. Pansi pa tebulo panali kabati ya makalata osowa kolowera. Ena olemba ake anaiwala nambala ya bokosi, ena analemba nambala n'kuiwala tauni, ena mvula inafufuta inki. Anzawo ankangoponyamo n'kutseka. A Keyala ankaitsegula nthawi ya nkhomaliro, n'kumatembenuza maenvulopu aja, kuyang'ana chidindo, kuyang'ana kalembedwe, mpaka ina ipeze mwini wake. Munthu akabwera kudzadandaula kuti kalata yake sinafike, funso lawo linali limodzi: keyala munalemba bwanji? Dzina linamata pamenepo.

Sukulu ya ubusa sanaipondeko. Kamodzi kokha, akadali ndi tsitsi lakuda, anaona pashelefu ya mbusa wina buku lachingerezi lolemera ngati njerwa ziwiri, londandalika mawu onse a m'Baibulo ndi mavesi amene mawuwo akupezekamo. Analisanthula masana amodzi, nabwerera kunyumba ndi njala yake. Buku lotero m'chilankhulo chawo sanalionepo, ndipo Baibulo lawo linalibe timanambala tija totumiza wowerenga kuvesi lina. Choncho anachita zimene ankadziwa. Anayamba kusankha.

Ankatenga nkhani imodzi, kaya ya madzi, kaya ya mlendo, kaya ya kudikira, n'kuwerenga Baibulo lonse kuyambira ku Genesis akusaka iyo yokha. Vesi lililonse limene lawagwira ankalilemba pakapepala kakekake. Akafika kumapeto, mwina patatha chaka, timapepala tija ankatiyala patebulo, kutisuntha, kutisinthanitsa, mpaka tigwirizane kuti aka kayambe, aka katsatire. Kenako ankasongola pensulo n'kulemba m'mphepete mwa tsamba, moyang'anizana ndi vesi loyamba, keyala ya vesi lachiwiri. Pa lachiwiri ankalemba keyala ya lachitatu, choncho mpaka pomaliza, pamene ankajambula kabwalo kakang'ono ngati chidindo. Timapepala ankayatsira mbaula. Ankati kalata ikafika, envulopu ilibenso ntchito. Nkhani iliyonse ankaitcha ulendo, ndipo poyambira pa ulendo uliwonse ankalemba mkati mwa chikuto. Pofika chaka chimene nkhani iyi inachitika, maulendo anali oposa makumi anayi, ndipo m'mphepete mwa masamba munali bii ndi pensulo, ngati nyerere zandandana pakhoma.

Lachitatu lililonse masana ankatsegula kachipinda kosungiramo mipando kuseri kwa tchalitchi. Kiyi wake ankakhala pachingwe m'khosi mwawo. Kale anthu odzaphunzira Baibulo ankadzaza mpaka pakhomo, koma imfa ndi kusamuka zinapatula, anatsala asanu ndi mmodzi. Osajomba anali awiri: a Telala, amene ankafika ndi tepi yoyezera ikadali m'khosi, ndi mayi azamba opuma, amene ankaoneka ngati akuwodzera koma n'kudzutsa funso loti munthu akagone nalo.

A Keyala sankalalikira. Ankati Baibulo ndi thumba la makalata, ndipo kalata siiyambidwa pakati. Vesi lisanakambidwe, chaputala chonse chinkawerengedwa mokweza. Kenako ankafunsa kuti yachokera kwa yani, ikupita kwa yani, chidindo chikuti idalembedwa liti, zinthu zili bwanji kumeneko. Munthu akathamangira kunena kuti vesili likunena za iyeyo, ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumuuza kuti kalata ya eni ukhoza kuphunzirapo zambiri, koma usafufute keyala n'kulembapo yako. A Telala, amene mtima wawo unkangokhala ku Chivumbulutso, ankadandaula kuti pa liwiro limeneli lipenga lomaliza lidzawapeza akadali ku Levitiko akuwerenga mbuzi. A Keyala ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, chala chili kale m'mphepete mwa tsamba.

Panali chinthu chimene sanauze munthu. Kwa zaka ziwiri mutu wawo unali ukudontha ngati ndowa yakale. Anayamba kuiwala mayina a anthu, kenako ketulo pamoto, kenako chimene alowera m'chipinda. Tsiku lina anaima pamphambano ya msewu umene anayendamo moyo wawo wonse osadziwa kuti kwawo n'kumanja kapena kumanzere. Koma Lachitatu palibe ankaona kanthu. Chala chinkatsika m'mphepete, keyala n'kuwauza kopita, ndipo akangofika pavesilo zonse zimene anaganizapo kale zinkatuluka kudzawalonjera, ngati anthu a m'nyumba imene unazolowera. Popanda keyala sakanadziwa khomo, koma ikawafikitsa pakhomo, nkhani inkayenda yokha. Lachitatu ndilo linali tsiku limene anali akadali munthu wathunthu, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti chowaimiritsa ndi pensulo ya m'mphepete ija.

Baibulolo linali litatha. Msana unasweka kalekale, Masalimo ankathothoka okha, chikuto chinkagwirana ndi labala wa chubu cha njinga. Mwana wawo wamkazi, namwino, amene ankakhala nawo chimwalirireni mayi ake, ankaliyang'ana ndi chisoni nthawi zonse akamapukuta patebulo. Mwayi anaupeza pamene bambo ake anagonekedwa m'chipatala kuti akachotsedwe ng'ala m'diso lamanja. Adokotala anati kwa milungu iwiri asawerenge kanthu. Namwino uja anatenga Baibulo, kulikulunga m'pepala, n'kupita nalo kwa womata mabuku, osauza munthu.

Tsiku limene adokotala anawalola kuwerenga, a Keyala anakhala pakhonde akuyang'ana waya woyanikapo zovala. Chifukwa cha ng'ala ija anali ataiwala kuti waya amakhala mmodzi, osati awiri. Namwino anatuluka ndi kaphukusi, n'kugwada pang'ono, n'kuwapatsa ndi manja awiri, nkhope ikuwala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso.

Chikuto chinali chakuda, cholimba, chonunkha guluu. M'mbali mwa bukulo munali mosalala, moyera ngati buledi wodulidwa kumene. Analitembenuza kawiri. Linali lopepukirapo ndi lochepako, ngati munthu wochokera kometa. Anatsegula mkati mwa chikuto, mmene munali mndandanda wa maulendo, napeza pepala loyera latsopano. Anatsegula pakati. Diso latsopano lija linaona zonse bwinobwino, popanda chifunga.

Mpeni unadutsa pakatikati pa zolemba zawo. Pamasamba a kumanja panatsala mayina a mabuku, Yes, Mas, Luk, manambala atapita. Pamasamba a kumanzere panatsala manambala okha, mayina atapita. Anatembenuza tsamba lina, ndi lina, ndi lina. Zonse zinali chimodzimodzi: tauni yopanda nambala ya bokosi, nambala ya bokosi yopanda tauni.

"Mwaliona bwanji, bambo?"

A Keyala anatseka bukulo, nalisisita pachikuto ndi chikhatho. 

"Lalimba," anatero. "Zikomo, mwananga. Limeneli lindiika m'manda."

Namwino anaseka, nawadzudzula kuti asamayankhule za manda diso litangotseguka, nalowa m'nyumba kukavala yunifolomu. Iwo anakhalabe pakhonde, buku lili pamaondo, manja ali lende.

M'mawa mwake mwana atapita kuntchito, a Keyala anavala jekete napita kukafuna womata mabuku. Keyala inali pakapepala komatidwa kuseri kwa chikuto. Shopuyo inali yopapatiza, pakati pa wokonza mafoni ndi wojambula zithunzi za ziphaso. Mkati munali milu ya malipoti a ana asukulu, poto wa guluu, ndi kumapeto makina odulira, mpeni wake wautali ngati mkono wa munthu. Mwini wake, bambo wa ndevu zosamera bwino ndi epuloni youma ndi guluu, analizindikira Baibulolo asanalandire n'komwe. Anayamba kudzitama kuti ntchito imeneyi inamudyera masiku atatu, kuti anasoka tsamba ndi tsamba, kuti m'mbali munali mwakuda ndi mopindika ngati makutu a galu moti anachita kumeta mbali zonse zitatu.

A Keyala anatsegula pakati n'kuloza ndi chala. Womata mabuku anawerama, nayang'anitsitsa, natembenuza masamba angapo. Kudzitama kuja kunazilala.

"Ndimayesa ndi ana analembalemba, madala. Ana anu aja anati likhale ngati latsopano."

"Zimene munametazo zili kuti?"

Bamboyo anakanda m'ndevu. Anafotokoza, ngati munthu amene akuganiza kuti akutonthoza, kuti mpeni ukatsika zodulidwa zimagwa zili zogwirana, motsatana ndithu monga masamba alili, moti akanabwera tsiku lomwelo akanangozinyamula n'kumanga ndi ulusi. Koma madzulo amasesa. Zosesedwa amathira m'thumba, ndipo thumba likadzaza amabwera kudzatenga mayi wina wogulitsa matambula, amayalira m'makatoni. Anasuzumira pansi pa tebulo. Thumba linali likadalipo, lodzaza mpaka m'khosi, zometedwa za milungu iwiri za mabuku onse a mushopumo.

Womata mabuku anawathandiza kusankha, kunena zoona. Anawapatsa mpando, nakhuthulira thumba pansi, onse awiri n'kumatola timizere topyapyala tachikasu pakati pa toyera ta malipoti. Sitinali tovuta kuzindikira. Tinali tofewa ngati khoko la anyezi, tina topiringizana, tina toduka. Anadzaza jumbo yakuda. Powaperekeza pakhomo, womata mabuku anati madzi akatayika saoleka, kenako anachita manyazi ndi mwambi wake womwe, n'kuwonjezera kuti iye akanafunsa kaye asanamete. A Keyala anamuuza kuti kusoka kwake n'kwabwino, ndipo sanali kunama.

Masiku anayi otsatira, namwino akangotuluka pageti, ankatseka chitseko cha kuchipinda kwawo n'kuyala timizere tija pabedi. Manja anakumbuka ntchito yakale: aka uku, aka uko, ta Masalimo pamtsamiro, ta aneneri kumiyendo. Koma kusankha kumeneku kunali kopanda kopita. Kamzere kalikonse kanali ndi nkhope ziwiri, mbali ina manambala, mbali ina mayina, ndipo panalibe chosonyeza tsamba limene kanachokera. Kalata ikang'ambika ndi manja umatha kuilumikiza, chifukwa kung'ambika kulikonse kuli ndi mano akeake. Mpeni wa makina sumasiya mano. Kamzere kalikonse kankakwana patsamba lililonse, ndendende, ngati kabadwira pomwepo. Ankaika Yes pafupi ndi nambala ina, n'kutsegula Yesaya, n'kupeza vesi labwino ndithu koma losawadziwa. Dzuwa likapendeka ankabwezera zonse m'jumbo, kuibisa kuseri kwa nsapato, n'kukutumula bulangete kuti pasatsale kanthu.

Lolemba anapita kwa abusa. Anali munthu wabwino, wa msinkhu wa mwana wawo, wothamanga ndi maliro ndi misonkhano. A Keyala sananene za mutu wawo. Anangoti Baibulo lawo lametedwa, ndipo Lachitatu akuyamba ulendo wa kudikira. Abusa anawamvera chisoni, kenako nkhope inawala. Anatulutsa foni, nawakhazika pambali pawo, nayamba kuwaonetsa. Munali Mabaibulo angapo oti munthu aike mbali ndi mbali. Munali mabuku ofotokoza vesi ndi vesi, mapu a maulendo a atumwi, ndi pena poti ukakhudza liwu limakuuza kuti m'Chihebri kapena m'Chigiriki linali liti. A Keyala anayang'ana ndi ulemu weniweni. Njerwa ziwiri zija anaziona pashelefu ali mnyamata zinali zitalowa m'kanthu kokwana m'thumba la malaya. Akanakapeza zaka makumi anayi zapitazo, anaganiza, bwenzi atagona nako pamtsamiro.

Abusa analemba liwu loti dikira, ndipo asanaphethire mavesi anandandana mpaka pansi, n'kupitirira. A Keyala anapempha kuti awapezeremo bambo uja amene anaona mwana wake wolowerera akadali patali. Abusa anatsitsa ndi chala, kukweza, kutsitsanso, kenako anati m'vesi limenelo liwulo mulibe.

"Mulibe," anavomera a Keyala. "Koma munthu saona mwana ali patali ngati sanali kuyang'ana kumsewu."

Abusa anagwedeza mutu, nati zoterozo foni siidziwa. A Keyala anayang'ananso mndandanda uja. Linali thumba la makalata litangokhuthulidwa patebulo, onse alipo, koma osasankha. Abusa anawalimbikitsa kuti ulendo umangikanso, angokhala pansi pang'onopang'ono. Iwo anathokoza. Pobwerera anawerengera okha kuti ulendo umodzi unkawadyera chaka mutu uli wabwinobwino, ndipo tsopano ankati akafika kumapeto kwa chaputala chiyambi chake chili chitatuluka kale.

Lachitatu linafika monga limafikira. Anatsegula kachipinda, natsitsa mipando isanu ndi iwiri, napukuta fumbi. A Telala atangoona Baibulo patebulo anaimba mluzu, nati akulu afika ndi mkazi watsopano osaitana anthu, ndipo anafunsa ngati wakale uja wapatsidwa kalata yomusudzula. Onse anaseka, a Keyala nawo anamwetulira.

Poyambira ankapakumbuka: Nowa m'chingalawa, atatulutsa nkhunda, n'kudikira masiku ena asanu ndi awiri. Anawerenga chaputala chonse. Anafunsa mafunso awo a nthawi zonse, ndipo nkhani inayenda, moti mtima unayamba kukhala pansi. Kenako chala chinatsika chokha m'mphepete. Linali tsamba la kumanja, panali Eks basi. Anati tipite ku Eksodo, natembenuza masamba mosafulumira, akuyembekeza kuti khomo liwazindikira. Eksodo anali wamtali ngati msewu wopanda zikwangwani. Mayi azamba, maso ali chotsinzina, anafunsa ngati sakufuna paja anthu anatopa kudikira Mose kuphiri n'kudzipangira mwana wang'ombe. A Keyala anati ndi pomwepo, ngati amangowayesa. Anapapeza, anawerenga, anakamba. 

Chala chinatsikanso. Linali tsamba la kumanzere. Panali 3:8, ndipo kutsogolo kwa 3 kunali kachidutswa ka mzere woti mwina unali nambala ina, mwina mchira wa dzina. Pafupifupi buku lililonse m'Baibulo lili ndi chaputala chachitatu ndi vesi lachisanu ndi chitatu. Anayang'ana manambala aja, olembedwa ndi dzanja lawo lomwe. Ankadziwa kuti kuseri kwake kuli munthu, ndipo munthuyo anachita chinthu chimene iwo anakambapo kangapo m'chipinda chomwechino, anthu n'kugwira pakamwa. Anagogoda, koma m'mutu munali zii.

A Telala anati sitima yaima pakati pa tchire, madalaivala atsike akankhe. Palibe anaseka, ndipo iwonso atayang'ana nkhope ya a Keyala anayamba kupinda tepi yawo mosamala kwambiri. Wina anafunsa ngati pali amene analembako ulendowu kale. Panalibe. Ankabwera kudzamva, podziwa kuti zonse zili m'buku la a Keyala.

"Mutu wa lero si kudikira?" anatero mayi azamba. "Tidikira, akulu. Musathamange."

Anadikira. Panja wina ankasesa masamba, tsache likumveka kuchoka pakhomo la tchalitchi mpaka kumpanda, n'kubwereranso. A Keyala anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Manambala sanasinthe. Potsiriza anatseka Baibulo, nakweza manja kukhosi, navula chingwe cha kiyi, nachiika patebulo pamaso pa a Telala. Anati wina atseke ndi pemphero, ndipo sabata yamawa akapemphe abusa, ali ndi zipangizo zabwino. A Telala anakankha kiyi uja kuti abwerere, nati iwo amasoka mabatani, za maulendo sazidziwa. A Keyala anali atanyamula kale chipewa.

Atafika kunyumba sanakumbuke kuti Lachitatu namwino amaweruka msanga. Sanakumbukenso kuti m'mawa uja anatuluka osabisa kanthu. Anamupeza ali m'chipinda mwawo, atakhala pansi pasimenti ndi yunifolomu yake yoyera, tsache lili pambali. Bedi lonse linali timizere tachikasu. Kamodzi anali atakagwira ndi zala ziwiri, monga amagwirira bandeji, akuwerenga kalembedwe kamene anakadziwa chibadwire.

"Bwanji simunanene, bambo?"

A Keyala anakhala pampando wa pakhomo, chipewa chili pabondo.

"Chikuto n'chabwino, mwananga."

"Ndine ndinamuuza kuti likhale ngati latsopano. Ndi pakamwa pangapa."

Sanalire mokweza. Misozi inkangotsika, iye n'kumaipukuta ndi kuseri kwa dzanja kuopa kunyowetsa timapepala. Bambo ake anafuna kumuuza kuti si mlandu wake, kuti iwo ndiwo anayatsira mbaula timapepala toyamba, kuti kangapo konse anaganiza zokopera makeyala onse m'kope koma ankati mawa. M'malo mwake anamuuza chinthu china, chimene sanauzepo munthu: kuti mutu wawo sukusunganso kanthu, ndipo pensulo ija ndiyo inkawayendetsa. Namwino anati akudziwa. Ketulo ziwiri zopserera amene anazitaya ndi iyeyo, ndipo kapepala ka keyala ya nyumba kamene kamakhala m'thumba la jekete lawo sikanalowemo kokha. Anakhalabe pomwepo onse awiri, mpaka kuwala kwa pazenera kunachoka pabedi.

Kuyambira tsiku limenelo jumbo sinabisidwenso. Namwino anabweretsa makatoni a mankhwala opanda kanthu, nawadula kukhala timabokosi, nawandandalika pakhoma la pabalaza. Akaweruka ankakhala ndi bambo ake ola limodzi, iye akuwerenga kamzere, iwo akuyesa. Pa mlungu wathunthu analumikiza tiwiri, kena chifukwa cha dontho la tiyi lomwe linagwera pakati, theka patsamba theka pakamzere. Timizere tinali toposa chikwi. Onse awiri ankaona kuti pa liwiro limenelo ntchitoyo sidzatha.

Lachitatu lotsatira a Keyala anavala jekete nthawi yake itakwana, nafika mpaka pageti. Anagwira pakhosi, napeza palibe chingwe, nabwerera kukakhala pakhonde. Madzulo a Telala anadutsa kudzawaona. Anati abusa anabwera ndi foni yawo, mavesi anali mbwee, ndipo anaweruka msanga kwa nthawi yoyamba chiyambireni. Anati mpando wawo anautsitsabe. A Keyala anafunsa ngati anawerenga chaputala chonse. A Telala anayang'ana kumbali, nayamba kuyamikira maluwa a pampanda.

Loweruka m'mawa anali pakhonde pomwepo, tiyi akuzizira pambali, Baibulo lili chotsegula pa Eksodo. Sanali kuganiza kanthu. Ankangoyang'ana mpheta ziwiri pawaya. Mwadzidzidzi khomo lija linatseguka lokha. Anaona munthuyo, dzina lake, buku lake, chaputala chake, ndi chimene anachita pa ola lomaliza atalephera kupirira. Anaona ndi vesi lotsatira, ndi linanso kuseri kwake, ulendo wonse utandandana ngati nyali za mumsewu.

"Mwananga," anaitana, osakweza mawu kuopa kugwedeza mutu. "Pensulo. Keyala ija yabwera."

Anamva mpando ukugwa kukhitchini, kabati ikutsegulidwa, masipuni akulira, kabati ina. Namwino anatuluka akuthamanga, manja ali ndi thovu la sopo, pensulo kudzanja lina, envulopu yakale kudzanja lina, pakuti patsamba panalibenso malo olembapo. Anagwada pafupi ndi mpando, naika envulopu pabondo, nsonga ya pensulo ili papepala.

"Nenani, bambo. Ndilembe chiyani?"

A Keyala anatsegula pakamwa. Mpheta zinali zitauluka, waya akugwedezeka yekha. Anayang'ana 3:8, kenako nkhope ya mwana wawo, kenako 3:8.

"Tadikira," anatero.

Namwino sanasunthe pensulo. Thovu linkauma pang'onopang'ono m'manja mwake, ndipo kukhitchini mpopi umene anausiya chotsegula unkamveka ukudzaza beseni.